Ndalama ya masters isakeni musanakwere basi ya ku Joni

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu. Ndikulemba ndili ku Johannesburg, komwe ndinachitira masters ya maphunziro a zachuma ndipo ndikugwirako ntchito ya kafukufuku mpaka lero. Mawu angawa apite kwa achinyamata omwe anamaliza digiri yoyamba ku Chanco, ku Bunda, ku Catholic University ndi m'mayunivesite ena, komanso kwa makolo awo, poti zikavuta amene amagulitsa ng'ombe ndi makolowo.

Chaka chilichonse ikangokwana Januwale foni yanga sipuma. Mauthenga a pa WhatsApp amachokera kwa ana a abale, kwa anzanga a kumpingo, ngakhale kwa anthu omwe nambala yanga anangopatsidwa ndi wina. Nkhani imakhala imodzimodzi: "Achemwali, anditenga ku yunivesite, kalata ndi iyi. Nanga ndalama ndingaipeze kuti?" Poyankha mtima umandiwawa, chifukwa kuno sukulu imatsegulira mu Febuluwale, ndipo pofika nthawi imeneyo mabungwe ambiri olipirira ophunzira amakhala atatseka kalekale kulandira mafomu, ena atasankha kale anthu awo. Wofuna kuyamba masters mu Febuluwale wa chaka chamawa ayambe kusaka ndalama mu Malichi wa chaka chino, ali kwawo, tikiti ya basi asanagule. Ngati munakhoza bwino, kalata yokulandirani ku yunivesite sivuta kwenikweni. Chovuta ndi ndalama, ndipo ili ndi nyengo yake ngati mvula yobzalira: ikakupitirirani mwadikira chaka china.

Ndiyambe ndi mtengo wake, poti ambiri amangowerengera fizi basi. Pa fizi pokhapo tili ndi mwayi womwe unasainidwira kwathu komwe. Mu 1997 atsogoleri a mayiko a SADC atakumana ku Blantyre adasaina pangano la maphunziro, ndipo mwa zina panganolo limati mwana wochokera m'dziko la SADC azilipira fizi ngati mwini dziko, komanso kuti mayunivesite azisungira ana a m'mayiko anzawo a m'chigawochi malo osachepera 5 pa 100 alionse. N'chifukwa chake Mmalawi ku Wits kapena ku University of Johannesburg amalipira fizi yofanana ndi mnzake wa ku Soweto.

Kufananako kumathera pomwepo. Mlendo amalipiranso ndalama yapadera ya ophunzira akunja. Mwini dziko amatha kupereka pang'ono polembetsa, zotsala n'kumamaliza m'kati mwa chaka, pomwe mlendo amauzidwa kuti apereke gawo lalikulu la fizi ya chaka chonse asanamulembe n'komwe. Ayeneranso kuonetsa kuti walipira medical aid (inshulansi ya zachipatala) ya chaka chonse, ya kampani yolembetsedwa kuno ku South Africa. Ya kumudzi sailandira. Zonsezi zimafunika nthawi imodzi, mu Januwale, mwezi womwe kwathu ndalama yathera pa fetereza ndi pa fizi ya ana a sekondale. Kenako lendi. Kachipinda ka bedi limodzi ku Braamfontein kapena ku Auckland Park, pafupi ndi sukulu, ndi marandi masauzande angapo pamwezi, moti mukaphatikiza lendi, chakudya ndi thiransipoti ya chaka chonse mupeza kuti zaposa fizi ija. Sikolashipu ikalemba kuti ilipira fizi yokha, dziwani kuti yakulipirirani theka la zofunika, mwinanso osafika.

Ndalama zonsezi ndi marandi, pomwe makolo amasunga makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti. Ndikudziwa mabanja omwe anasonkha zokwanira chaka chathunthu, kudzuka m'mawa ndalama yomweyo ikungokwana miyezi yowerengeka. Ngakhale makwacha akhalepo, kuti banki ikupezereni ndalama zakunja zolipirira sukulu pamafunika kudikira, koma yunivesite sidikira munthu. Choncho amene akuti amalume azitumiza mwezi ndi mwezi adziwe kuti sukulu yake yatsamira pa mtengo wa kwacha, womwe iye ngakhale amalumewo alibe nawo mphamvu.

Tsono chomwe chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi nkhani ya pemiti. Mmalawi amalowa muno popanda viza, amangomudindira masiku 30 pa Beitbridge kapena pa bwalo la ndege la OR Tambo. Izi zapusitsa ambiri. Amati ndipite kaye, ndikagwire maganyu, ndisonkhe fizi, mapepala ndikakonzera komweko. Koma malamulo omwe adayamba kugwira ntchito mu 2014 salola munthu wobwera kudzacheza kusintha chidindo chake kuti chikhale pemiti ya sukulu ali m'dziko muno. Pemitiyo imapemphedwa kwathu, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo amafuna kalata ya yunivesite, umboni wa ndalama, medical aid, kalata ya dokotala ndi kalata ya apolisi yoti mulibe mlandu. Yunivesite nayo silembetsa mlendo wopanda pemiti. Ukapitiriza masiku ako, potuluka amakuletsa kudzalowanso: chaka chimodzi ngati masiku owonjezerawo sanapose 30, zaka zisanu ngati aposa apo.

Kuli mnyamata wina wa kwathu ku Ntcheu, katswiri wa masamu, yemwe anabwera motere, kalata ya yunivesite ili m'chikwama. Anati agwireko kaye ntchito m'shopu ina ku Mayfair mpaka fizi ikwane. Masiku ake anatha. Akati abwerere kumudzi kukapempha pemiti, pachipata akamuletsa kudzalowanso. Akati akhale, ndiye wopanda mapepala. Lero akadali m'shopu momwemo, akuwerengera mwini wake katundu ndi ndalama, ndipo amaigwira bwino ntchitoyo moti abwana ake safuna kumutaya. Tikakumana kutchalitchi nkhani ya sukulu sitiiyambanso. Mwanayu si waulesi, ndiponso si wopusa. Kungoti palibe anamuuza zimenezi ali ku Ntcheu.

Ngakhale pemiti ya sukulu mutaipeza, imakulolani kugwira ntchito maola osaposa 20 pasabata, ndipo masters ya zachuma sisiya nthawi yambiri yopuma. Miyezi yoyambirira ndi masamu okhaokha, calculus, matrix algebra ndi econometrics. Munthu amene usiku amaperekera zakudya mu lesitilanti, m'mawa n'kulowa m'kalasi yotere, amafika pa mayeso atatheratu.

China chomwe chimadzidzimutsa ambiri ndi honours. Kuno digiri yoyamba ya zachuma ndi ya zaka zitatu, kenako chaka cha honours, kenako masters. Yathu ndi ya zaka zinayi, ndipo mapepala anu ayenera kudutsa ku bungwe la SAQA lomwe limayeza kuti digiri yakunja ikufanana ndi mlingo uti wa kuno. Kuyezako n'kolipira ndipo kumatenga nthawi. Dipatimenti nayo ikaona kuti masamu kapena econometrics yanu ndi yochepa imatha kukuuzani kuti muyambire honours. Chimenecho ndi chaka chinanso cha fizi ndi lendi, pomwe mabungwe othandiza alendo pa honours ndi ochepa kuyerekeza ndi a masters. Afunseni a dipatimenti mosapita m'mbali kuti akuyambitsirani pati, musanapemphe thandizo kulikonse.

Nanga ndalama zili kuti? Ya NSFAS, ndalama ya boma la kuno yothandizira ophunzira, yomwe mumaimva pa nkhani ophunzira akuno akamachita zionetsero, iiwaleni, ndi ya eni dziko. Bungwe la boma la National Research Foundation limalandira alendo, koma pa malo 100 alionse, 95 ndi a nzika ndi omwe ali ndi chilolezo chokhazikika muno. Asanu otsalawo timalimbirana ife a SADC ndi dziko lonse lapansi. Pa masters amafuna munthu wosapitirira zaka 30 yemwe anakhoza ndi 65 peresenti kapena kuposa. Ngati mukukwanira lembani ndithu, koma musakhazike mtima pansi podalira pamenepo pokha.

Khomo lotseguka bwino kwa ife ndi la Mandela Rhodes Foundation. Amalandira wachinyamata wa dziko lililonse la mu Africa wosafika zaka 30, wofuna honours kapena masters pa yunivesite ya ku South Africa, ndipo amalipira zonse: fizi, pogona, chakudya, mabuku, medical aid ndi ulendo. Amatsegula cha mu Malichi n'kutseka mu Epulo, kutatsala miyezi pafupifupi khumi kuti sukulu iyambe. Iwowa sayang'ana magiredi okha. Amafuna kumva zomwe mwachitapo pakati pa anthu, ndipo apa ndi pomwe ana athu amadzichepetsa mopyola muyeso. Mtsikana yemwe kwa zaka wakhala akusunga mabuku a banki m'khonde ya amayi a m'mudzi mwake amalemba kuti sanatsogolerepo chilichonse, poganiza kuti utsogoleri ndi kukhala pulezidenti wa ophunzira basi. Mnyamata yemwe tchuthi chilichonse ankaphunzitsa masamu ana a Fomu 4 kwaulere sakutchula n'komwe. Ulemu wathu ndi wabwino pamaso pa akulu, koma pa fomu lembani zomwe munachita, anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo chinasintha n'chiyani.

Bungwe lomwe ndimadabwa kuti Amalawi ambiri salidziwa ndi Beit Trust. Aliyense wobwera pa basi amaoloka Limpopo pa Beitbridge, ndipo a ku Blantyre amachidziwa chipatala cha mafupa cha Beit CURE. Dzinali ndi la Alfred Beit, yemwe adalemera ndi diamondi ya ku Kimberley ndi golide wa kuno ku Joni, namwalira mu 1906 atasiya chuma chomwe lero chimathandiza mayiko atatu okha: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Bungweli limapereka sikolashipu za masters ku Britain ndi kuno ku South Africa, ndipo poti olimbirana nawo ndi a mayiko atatu basi, mwayi wake ndi wooneka. Amafuna munthu woti akamaliza abwerere kukagwira ntchito kwawo. Ndalama zimenezi musachite nazo manyazi popempha. Migodi ya golide yomwe idabala chumachi ndi yomwe agogo athu adadzaikumba nthawi ya Wenela ndi Theba.

Palinso Canon Collins Trust, yomwe imathandiza ophunzira a m'mayiko a kummwera kwa Africa, Malawi ali momwemo, makamaka omwe maphunziro awo akukhudza chilungamo ndi umphawi. Thandizo lake nthawi zambiri limafunika kuwonjezerapo lina. Mastercard Foundation imalipira zonse kwa ana anzeru a m'mabanja osowa, ndipo kuno imadzera ku University of Pretoria ndi ku University of Cape Town. Mayunivesite nawo ali ndi mphoto zawo za okhoza bwino zomwe zimachotsa fizi, zina posinthana ndi maola ochepa a ntchito m'dipatimenti. Masiku otsekera amasuntha pang'ono chaka ndi chaka, choncho muziwaona pa masamba a eni akewo, osati pa mauthenga ongotumizirana.

Kwa omwe maso ali kutsidya kwa nyanja, taonani chinthu ichi. Chevening ya boma la Britain imafuna munthu yemwe wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo akamaliza abwerere kwawo zaka zinanso ziwiri. Sikolashipu za DAAD za ku Germany pa maphunziro a chitukuko nazo zimafuna zaka ziwiri za ntchito. Ya World Bank, yomwe ndalama zake zimachokera ku boma la Japan, imafuna zaka zitatu pa ntchito ya chitukuko. Ndikuzitchula dala zimenezi kuti yemwe lero akuphunzitsa pa CDSS ku Mchinji, kapena akuyenda ndi tabuleti m'midzi kufunsa mafunso a kafukufuku wa bungwe lina, aleke kudziona ngati watsalira. Zaka zimenezo ndi zomwe zidzamutsegulire khomo, bola asunge kalata ya abwana ndi mapepala a malipiro. Zaka za m'shopu ya ku Joni wopanda pemiti palibe angazilembere kalata.

Ndifike pa njira yomwe ndikanakonda ambiri akanayamba kuiganizira, ngakhale ndikaitchula nkhope zimagwa. Masters ya zachuma iliko kwathu. Bungwe la African Economic Research Consortium, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1988 ndipo likulu lake lili ku Nairobi, lidakonza masters yogwirizana pakati pa mayunivesite a mu Africa, ndipo dipatimenti ya zachuma ya ku Chanco ndi imodzi mwa zomwe zimaiphunzitsa. Maphunziro aakuluakulu, microeconomics, macroeconomics ndi masamu ake, mumachitira ku Zomba pa silabasi yofanana ndi anzanu a ku Tanzania, ku Ghana kapena ku Botswana. Maphunziro osankha mumachitira limodzi ndi iwowo, ndipo kwa zaka zambiri ankawasonkhanitsa ku Nairobi. Ku Bunda, pansi pa LUANAR, kuli masters yotereyi ya zachuma za ulimi, yomwe ophunzira ake akhala akudzachitira gawo lina ku Pretoria. Bungweli limaperekanso sikolashipu zingapo ndipo limalimbikitsa atsikana kulemba. Akatswiri ambiri a m'mabanki aakulu ndi m'maunduna a zachuma mu Africa muno anadzera njira imeneyi, ena n'kudzapeza PhD yolipiridwa kunja. Ndipo tisaiwale kuti malemu Pulofesa Ephraim Chirwa adadziwika mpaka kunja ndi kafukufuku wa fetereza wotsika mtengo akuphunzitsa ku Zomba komweko.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikunena ngati munthu yemwe anaphunzira kuno. Ngati simunapeze sikolashipu yolipira zonse, kapena yolipira fizi pamodzi ndi m'bale wodalirika wokusungani, chitani masters kwathu. Mulipira makwacha, abale ali pafupi, ndipo kafukufuku wanu mumuchitira pakati pa anthu omwe mukuwalemba. Ndalama ya PhD imapezeka mosavutirapo kusiyana ndi ya masters, chifukwa mayunivesite amafuna anthu ochita kafukufuku. Chomwe sindingavomereze ndi choti kholo ligulitse munda kapena litenge katapila kuti mwana akayambe chaka choyamba ku Joni, ati chachiwiri tidzaonera komweko. Munda ukapita subwerera, ndipo yunivesite sipereka satifiketi kwa munthu wangongole ngakhale atakhoza mayeso onse.

Ine ndalama yanga sinachokere malo amodzi. Bungwe lina linandilipirira fizi ndi medical aid. Ndinkagona kwa azakhali anga ku Rosettenville, m'mawa n'kukwera tekisi ya m'tauni. Ya chakudya ndi thiransipoti inkachokera ku ntchito yothandiza ana a chaka choyamba ndi kuchonga mapepala awo. Koma chomwe chinandifikitsa kumapeto ndi mphunzitsi wina yemwe anali ndi ndalama za kafukufuku wa ulova wa achinyamata, ndipo ankafuna munthu womukonzera manambala. Njira imeneyi simudzaiona italengezedwa paliponse, komatu pa maphunziro a zachuma ndi yaikulu. Ku University of Johannesburg kuli CCRED, yomwe imafufuza za mpikisano pa misika ndipo yakhala ikutsatira mitengo ya chimanga ndi soya m'chigawo chino, ya kwathu yomwe. Ku Wits kuli Southern Centre for Inequality Studies, ku Cape Town kuli SALDRU. Malo ngati amenewa amalandira ndalama za mapulojekiti, ndipo mapulojekitiwo amafuna anthu ogwira ntchito.

Mphunzitsi wotere simungamukope pomulembera kuti ndine wosauka, ndithandizeni. Makalata otero amalandira ambirimbiri. Werengani kaye zomwe iye walemba, kenako mumutumizire masamba awiri ofotokoza funso limodzi lomwe mukufuna kuyankha ndi manambala omwe mugwiritse ntchito. Pamenepa Mmalawi sasowa poyambira. National Statistical Office ku Zomba imachita kafukufuku wa mabanja wotchedwa Integrated Household Survey, wachisanu adachitika mu 2019 ndi 2020, ndipo manambala ake amapezeka ulere pa tsamba la World Bank. Mafunso ali mbwee. Fetereza wotsika mtengo, kuyambira FISP ya 2005 mpaka AIP ya 2020, wasintha chiyani pa zokolola za mabanja omwe mutu wake ndi mayi? Boma likaletsa kugulitsa chimanga kunja, amapindula ndani pakati pa mlimi, venda ndi wogula wa m'tauni? Ndalama zomwe timatumiza pa Mukuru kuchokera kuno zimathera pa malata, pa fizi kapena pa maliro? Mwana wa ku Malawi amadziwa zinthu zomwe manambala okha sanena, monga chifukwa chomwe mlimi amagulitsira chimanga chotchipa mu Meyi n'kudzachigula chodula mu Januwale. Amene watsitsa manambalawo, nadziphunzitsa pulogalamu ya R yomwe ndi yaulere, n'kuika tebulo limodzi lolongosoka m'kalata yake, wawasiya kale anzake ambiri.

Mapepala yambani kukonza lero: pasipoti, transcript, makalata a umboni. Mphunzitsi wanu wakale waphunzitsa ana mazanamazana, choncho mupatseni mwezi wathunthu, mumukumbutse kosi yomwe anakuphunzitsani, mumutumizire CV ndi zomwe bungwelo likufuna. Kalata ya apolisi yokha ndiyo musaifulumire, imatha ntchito pakapita miyezi, ndiye mukaitenge ku Area 30 nthawi yopempha pemiti ikayandikira. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mumutumizire ndalama pa foni kuti akuikeni pa mndandanda wa sikolashipu ndi wakuba. Mabungwe omwe ndatchulawa mumawalembera nokha, mwachindunji kapena kudzera ku yunivesite, popanda mkhalapakati.

Akonzi, ndisangolangiza ana ngati kuti vutoli ndi lawo okha. Dziko lathu lidakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063 mu 2021, ndipo mu Novembala 2023 lidagwirizana ndi IMF za ngongole, mwezi womwewo kwacha itagwa. Pa zokambirana zotere, tsidya linalo la tebulo kumakhala anthu osulidwa bwino pa kuwerenga manambala athu. Nafe tikufunika anthu otero ochuluka, ku Reserve Bank, ku Unduna wa Zachuma, ku National Planning Commission, mpaka m'makhonsolo a m'maboma momwe bajeti imalembedwa. Bungwe lobwereketsa ophunzira ngongole lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015 lili kale ndi ntchito yaikulu ndi ana a digiri yoyamba. Koma mabanki athu amalengeza phindu la mabiliyoni chaka ndi chaka. Kodi banki iliyonse italipirira ana asanu okha masters ku Zomba kapena ku Bunda, n'kusainirana nawo kuti adzaigwirire ntchito zaka zingapo, ingagwe? A ECAMA, omwe amasonkhanitsa akatswiri a zachuma kunyanja chaka chilichonse, ndiwo oyenera kuikankha nkhaniyi, poti akuluakulu a mabankiwo amakhala nawo m'chipinda chimodzi.

Nafenso a ku Joni tili ndi mbali yathu. Kusonkha timakudziwa. M'bale akatisiya ku Turffontein kapena ku Diepsloot, sipatenga nthawi ndalama yotumizira thupi kumudzi imakhala itapezeka, ndipo ichi n'chonyaditsa. Fizi ya masters sitingaithe, koma zomwe zimagwetsa ana ambiri poyambirira ndi zing'onozing'ono: ndalama ya SAQA, ya fomu ya yunivesite, ya mayeso a Chingerezi, ya ulendo wa ku Lilongwe. Magulu athu a mipingo ndi a maboma akumudzi atapatula kathumba ka zimenezi, ndipo ife omwe tinadutsamo titadzipereka kumawerenga makalata a ana asanawatumize, chaka chilichonse tingatulutse angapo. Amayi a kutchalitchi kwathu ndawatulira kale nkhaniyi ndipo sanaikane.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Zidziwitso za sikolashipu zimayenda m'Chingerezi, pa intaneti, m'magulu a anthu omwe ali kale m'tauni. Mwana yemwe anamaliza sukulu n'kubwerera kumudzi ku Nsanje kapena ku Chitipa, bandulo alibe, amazimva zitatha. Tipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu, m'Chichewa, katatu kokha pachaka: mu Malichi Mandela Rhodes ikatsegula, pakati pa chaka mayunivesite a kuno ndi National Research Foundation akamalandira mafomu, ndi mu Ogasiti Chevening ikatsegula. Muzilemba dzina la bungwe, anthu omwe akufunika, zaka zawo, zomwe limalipira ndi tsiku lotsekera. Makolo akawerenga azifunsa ana awo ngati alemba. Mukavomera, ine ndi anzanga a kuno tizikutumizirani masikuwo titawatsimikiza pa masamba a mabungwewo, ndipo sitifuna malipiro.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Ntcheu,
Rosettenville, Johannesburg